Kadontho kamene kanapusitsa osaka Majorana ndi komwe akumangira tsopano

Ukalowa mu labotale yofufuza za kompyuta za quantum, chimene chimayamba kukopa maso ndi firiji. Si firiji wamba ayi. Ndi chimgolo chachitsulo cholendewera, ndipo akachivula umaona mbale zokutidwa ndi golide zitasanjikizana, iliyonse yozizira kuposa ya pamwamba pake. Mbale ya pansi penipeni imafika pa mamilikelvin 10 mpaka 20, pafupi kwambiri ndi makelvin 0, kapena madigiri -273.15 a Celsius, pamene kuzizira kumathera. Ngakhale mumlengalenga, kutali ndi nyenyezi, n'mofundirapo, chifukwa kumeneko ndi makelvin 2.7. Kunsi kwa mbale imeneyi amamangirirako kachipangizo kosaposa chikhadabo, ndipo pa kachipangizoko pagona kawaya ka mananomita pafupifupi 100 m'mimba mwake. Tsitsi limodzi la munthu limakaposa kunenepa maulendo mazanamazana.

Pa kawaya kotereka ndi pamene akatswiri a fiziki akhala akukanganirana kuyambira 2012. Funso lake n'lalifupi: kodi kumapeto kwa kawayako kulidi chinthu chotchedwa Majorana, kapena chikuonekacho n'chongofanana nacho? M'nkhani yonseyi muli kanthu kamodzi kamene kamangobwerabwera, poyamba ngati kathyali, kenako ngati njerwa yomangira. Kanthuko ndi kadontho ka quantum.

Magetsi oyenda awiriawiri

Mu 1911, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury mpaka makelvin 4.2 ndipo anapeza kuti magetsi akudutsamo popanda chowatchinga chilichonse. Chitsulo chikafika potere amachitcha superconductor. Chifukwa chake chinadziwika patapita zaka 46. Mu 1957 John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer anasonyeza kuti zitsulo zina zikazizira kwambiri, maelekitironi, amene mwachibadwa amakankhana, amayamba kuyenda awiriawiri. Elekitironi ikamadutsa imakokako pang'ono maatomu a chitsulocho, ndipo inzake imakopeka ndi malo okokedwawo. Awiri oterewa amatchedwa Cooper pair, koma pano tiziti banja. Mabanja onse a m'chitsulocho amayenda ngati funde limodzi, ndipo pamene fundelo lafika pa kukwera ndi kutsika kwake amati phase.

Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi ichi: kupasula banja limodzi kumafuna mphamvu. Choncho mu superconductor muli mpata, chigawo cha mphamvu chimene elekitironi yopanda mnzake singakhalemo. Mu aluminiyamu, amene amasanduka superconductor pa makelvin 1.2, mpatawu ndi pafupifupi 0.2 millielectronvolt, muyeso wa timphamvu tating'onoting'ono. Ndi kochepa zedi, ndiye chifukwa chake pamafunika firiji ija.

Mu 1962 Brian Josephson, wophunzira wa zaka 22 ku Cambridge, ananena kuti ukaika ma superconductor awiri moyandikana, pakati pake n'kuikapo chotchinga chopyapyala, mabanja adzadutsa chotchingacho popanda voteji iliyonse. Kuchuluka kwa magetsi odutsawo kumadalira kusiyana kwa phase ya mbali ziwirizo. Bardeen mwiniwakeyo anakana poyamba, koma chaka chotsatira Philip Anderson ndi John Rowell anaziona ku Bell Labs. Chipangizo chotere, chotchedwa cholumikizira cha Josephson, ndicho mtima wa ma qubit (tizigawo tosunga uthenga mu kompyuta ya quantum) a Google ndi IBM lero, ndipo Mphoto ya Nobel ya fiziki ya 2025 inapita kwa John Clarke, Michel Devoret ndi John Martinis chifukwa cha zimene anachita nacho ku Berkeley mu 1984 ndi 1985.

Kachipinda kolowa mmodzimmodzi

Tsono chotsa chotchinga chija, m'malo mwake uikepo kadontho ka quantum.

Dzinali limasokoneza ena, chifukwa pali timadontho ta quantum timene timawala m'ma TV, tija tinapezetsa Alexei Ekimov, Louis Brus ndi Moungi Bawendi Mphoto ya Nobel ya 2023. Timeneto ndi timiyala tating'onoting'ono topangidwa m'mankhwala kapena m'galasi. Ta m'nkhani ino n'tina. Amatenga kawaya ka semiconductor, chinthu chimene magetsi ake amatheka kuwalamulira ndi voteji, pansi pake n'kuyala timizere tachitsulo totchedwa mageti. Geti ina akaipatsa voteji imathamangitsa maelekitironi pamwamba pake n'kukhala ngati khoma. Makoma awiri otere amatsekera kachigawo ka waya kotalika mananomita makumi angapo kapena zana, ndipo geti yachitatu, ya pakati, imakweza kapena kutsitsa mphamvu ya m'kachipindako.

Chimene chimaoneka pa kompyuta ukamasintha voteji ya geti ya pakatiyo n'chosangalatsa. Mzere wa magetsi umagona pa ziro, phee. Kenako mwadzidzidzi umadumpha, n'kubwereranso pa ziro. Ukapitiriza, umadumphanso. Kudumpha kulikonse ndi elekitironi imodzi imene yawonjezeka m'kachipindamo, moti munthu akhoza kuwerenga: imodzi, awiri, atatu. Pakati pa madumphidwewo magetsi sadutsa, chifukwa kachipindako n'kothina kwambiri ndipo amene ali kale mkatimo akukankha mlendo aliyense. Zimenezi amati Coulomb blockade. Mphamvu yofunika kuti ulowetse elekitironi ina mokakamiza nthawi zambiri imakhala ma millielectronvolt angapo, kuposa mpata wa aluminiyamu uja.

Apa ndiye pagona nkhani. Superconductor imafuna maelekitironi aziyenda awiriawiri, pomwe kadontho kamalola mmodzimmodzi. Ukazilumikiza, zimayamba kukokana.

Tiyambe ndi elekitironi ya m'kadontho imene yafika pakhomo la superconductor ili ndi mphamvu yogwera mu mpata uja. Yokha singalowe. Alexander Andreev anafotokoza mu 1964 zimene imachita: imakoka inzake, zimalowa limodzi ngati banja, ndipo m'mbuyo mumatsala malo opanda kanthu, amene asayansi amati bowo. Bowolo limabwerera njira yomweyo imene elekitironi inadzera. Likafika pa superconductor ya mbali inayo, zimachitika mobwerera: banja limapasuka, elekitironi imodzi imatseka bowolo, inayo imanyamuka ulendo womwe uja. Kupita ndi kubwera kumeneku kumasamutsa banja limodzi ulendo uliwonse, ndipo kumabala malo okhalamo atsopano mkati mwa mpata woletsedwa uja. Malowa amatchedwa Andreev bound state. Ndi theka elekitironi, theka bowo, ndipo mphamvu yake imasuntha ukasintha geti, phase kapena maginito. Ikhoza kutsika mpaka pa ziro. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Palinso china. Elekitironi iliyonse ili ndi spin, ngati kamaginito koloza m'mwamba kapena pansi, ndipo m'banja la Cooper mmodzi amaloza m'mwamba, wina pansi. Kadontho kakakhala ndi maelekitironi ogawika pawiri ndendende, ma spin awo amafafanizana ndipo mabanja amadutsa bwinobwino. Koma pakatsala imodzi yopanda mnzake, banja lodutsalo limakakamizika kulowa mmodzimmodzi, ndipo potulukira kwinaku dongosolo la ma spin awo limakhala litatembenuka. Mu masamu a quantum kutembenuka kumeneko kumabweretsa chizindikiro chochotsera, moti magetsi a Josephson amayenda chobwerera. Gulu la ku Delft linasonyeza zimenezi mu 2006 pa kawaya ka indium arsenide: kuwonjezera elekitironi imodzi yokha kunatembenuza kumene magetsi amalowera. Makoma a kadontho akakhala otsika kwambiri, superconductor imapereka elekitironi yake kuti iphimbe spin yotsalayo, ndipo magetsi amabwerera mwakale. Yu Luh, Hiroyuki Shiba ndi A. I. Rusinov anali atalemba kale masamu a kukokana kotereku pakati pa 1965 ndi 1969, poganizira atomu ya maginito imene yalowerera mu superconductor. Kadontho kanangopangitsa kuti "atomu" imeneyo ikhale yoti munthu n'kuisintha ndi geti.

Manja awiri opanda chogwira

Mu 1937 Ettore Majorana, wa ku Italy, anasonyeza kuti masamu amalola kuti pakhale kanthu kamene antiparticle yake, kutanthauza mnzake wolemera mofanana koma wa chaji yotsutsana, ndi iko komwe. Elekitironi si yotero, chifukwa antiparticle yake ndi positron. Chaka chotsatira Majorana anasowa atakwera sitima ya pamadzi ya pakati pa Palermo ndi Naples, ndipo sanaonekenso. Iye ankaganiza za tinthu ta m'chilengedwe monga neutrino. Chimene akusaka m'mawaya si chimenecho. Ndi khalidwe la maelekitironi ambirimbiri ochitira zinthu pamodzi, limene limatsatira masamu ofanana ndi ake. Mu superconductor, elekitironi ndi bowo zimasakanikirana, ndipo kusakaniza kukakhala theka ndi theka ndendende, pa mphamvu ya ziro, chotulukacho chimakhala antiparticle ya icho chomwe.

Alexei Kitaev ndiye anasonyeza mu 2001 mmene zingachitikire m'waya. Pa masamu, malo alionse okhalamo elekitironi akhoza kulembedwa ngati matheka awiri. Yerekezani anthu ataima pamzere, aliyense ndi manja ake awiri. Aliyense akagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere, palibe dzanja lotsala. Ameneyo ndi superconductor wamba. Koma aliyense akagwirana ndi woyandikana naye, mzere wonse umalumikizana, kupatula dzanja limodzi kumayambiriro ndi lina kumapeto. Manja awiri opanda chogwirawa ndiwo ma Majorana. Pamodzi amapanga malo amodzi okhalamo elekitironi, koma malowo ang'ambika pakati, theka uku, theka uko.

Waya wotere amati ndi wa topological, ndipo mawuwa akuchokera pamenepa. Anthu a pakati pa mzere akhoza kugwedezeka, wina kuwerama, wina kusendera, koma manja a kumapeto adzakhalabe opanda chogwira. Kuti zisinthe, mzere wonse uyenera kusiyana manja n'kugwirananso mwanjira ina, kumene m'waya kumatanthauza kuti mpata uja utsekeke kaye kenako n'kutsegukanso. Zili ngati mphete: ungaipinde bwanji, kuboola kwake kumakhalabe kumodzi mpaka utaidula. Maganizo oterewa ndi amene anapezetsa David Thouless, Duncan Haldane ndi Michael Kosterlitz Mphoto ya Nobel mu 2016.

Phindu lake pa kompyuta n'loonekeratu. Qubit wamba imawonongeka msanga chifukwa kaphokoso kalikonse ka magetsi kapena maginito kamaikhudza pamalo pomwe ili. Koma malo ong'ambika aja akhoza kukhala odzaza kapena opanda kanthu, mphamvu yake osasintha, ndipo ukayang'ana mbali imodzi yokha sungadziwe kuti zili pati. Phokoso nalonso silingadziwe, pokhapokha litakhudza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Qubit yeniyeni imafuna ma Majorana anayi, osati awiri, koma maziko ake ndi amenewo.

Kansonga pa ziro

Vuto linali loti waya wa Kitaev unkafuna superconductor ya mtundu wosapezekapezeka, imene maelekitironi a spin yofanana amamanga banja. Mu 2010 magulu awiri, la Roman Lutchyn, Jay Sau ndi Sankar Das Sarma, komanso la Yuval Oreg, Gil Refael ndi Felix von Oppen, anapeza njira yozembera vutoli pogwiritsa ntchito zinthu zodziwika kale. Tenga kawaya ka indium arsenide kapena indium antimonide, mmene spin ya elekitironi imapotoka malinga ndi kumene ikulowera. Kagunditse ku superconductor wamba kuti kabwereke khalidwe lake. Kenako yatsa maginito motsatira utali wa kawayako. Maginito akapitirira mlingo wina, mpata umatsekeka n'kutsegukanso, ndipo waya umalowa m'gawo la topological. Kuvuta kwake n'kwakuti maginito omwewo amapha superconductor. N'chifukwa chake amakonda indium antimonide: spin ya mmenemo imamva maginito pafupifupi maulendo 25 kuposa elekitironi ili payokha.

Mu 2012 gulu la Leo Kouwenhoven ku Delft linapanga chipangizo chotere n'kuyeza magetsi olowa kumapeto kwa waya. Atayatsa maginito, pa mzere wa magetsi wa pa kompyuta panatuluka kansonga pa voteji ya ziro, ndipo kanakhala pomwepo ngakhale maginito atawonjezedwa. Ndi zimene Majorana amayenera kuonetsa. Chisangalalo chinali chachikulu, ndipo ndalama zofufuzira zinayamba kusefukira.

Koma kumbukirani Andreev bound state ija. Kuti uyeze kumapeto kwa waya umafunika khoma lopangidwa ndi geti, ndipo pafupi ndi khomalo, pamene aluminiyamu wathera, kawirikawiri pamapangika kachipinda kamene palibe anakafuna. Kadontho ka quantum kobadwa mwangozi. Zinyalala za m'waya, ngakhale maatomu ochepa okhala posayenera, zimapanganso timadontho totere. M'kadontho kameneka mumakhala Andreev bound state, maginito amaikankhira pansi mpaka pa ziro, ndipo nthawi zina imakakamira pomwepo. Pa kompyuta umaona kansonga komweko. Gulu la ku Grenoble linasonyeza chaka chomwecho cha 2012 kuti kadontho kolumikizidwa ku superconductor kakhoza kutulutsa kansonga pa ziro popanda topology iliyonse.

Anthu anafuna umboni wolimba. Masamu amati kansonga ka Majorana weniweni kayenera kufika pa msinkhu wodziwika, 2e²/h, pafupifupi 77.5 microsiemens, muyeso wa mmene magetsi amadutsira mosavuta. Mu 2018 magazini ya Nature inasindikiza zotsatira za ku Delft zosonyeza msinkhu umenewu. Sergey Frolov ndi Vincent Mourik, amene anali nawo pa ntchito ya 2012 ija, anapempha manambala onse a kafukufukuyo ndipo anapeza kuti ena osagwirizana ndi nkhaniyo sanaonetsedwe. Mu 2021 olembawo anabweza pepalalo. Kwa ine, phunziro lowawa la pamenepa silikhudza gulu limodzi lokha. Chipangizo chokhala ndi mageti ambiri chili ndi makonzedwe zikwizikwi, ndipo munthu amene akudziwa kale chithunzi chimene akufuna, akasakasaka mokwanira adzachipeza.

Umboni wina umene ankaudalira unagwanso chimodzimodzi. Ukawomba cholumikizira cha Josephson ndi ma microwave, voteji yake imakwera ngati masitepe, monga Sidney Shapiro anaonera mu 1963. Masitepewa ndi olondola kwambiri, 483.6 megahertz pa microvolt iliyonse, moti ndi amene dziko lonse limayezera volt. Cholumikizira chikakhala ndi ma Majorana mbali zonse, maelekitironi amatha kudutsa mmodzimmodzi m'malo mwa awiriawiri, ndipo sitepe yoyamba, yachitatu, yachisanu ziyenera kusowa. Ku Würzburg anaona sitepe yosowa mu 2016 pa mercury telluride. Koma mu 2021 gulu la ku New York linaonanso zomwezo m'cholumikizira cha indium arsenide ndi aluminiyamu popanda maginito, chimene aliyense amavomereza kuti si cha topological.

Kumanga ndi kathyali yemweyo

Ngati timadontho tangozi ndi timene tikusokoneza, bwanji osatipanga dala, n'kutilamulira? Ganizoli linalembedwa mu 2012 momwemo, ndi Sau ndi Das Sarma, komanso Martin Leijnse ndi Karsten Flensberg ku Copenhagen. M'malo moyembekezera kuti waya wautali ukhale woyera mokwanira, umange mzere wa Kitaev uja munthu mmodzimmodzi, kadontho kalikonse kuimira munthu mmodzi. Panapita zaka zoposa khumi kuti zitheke. Mu 2023 gulu la ku malo ofufuzira a QuTech, ku Delft komweko, linasonyeza mzere waufupi kwambiri: timadontho tiwiri pa kawaya ka indium antimonide, pakati pake kachigawo kokutidwa ndi aluminiyamu.

Timadontho tiwiriti timalankhulana m'njira ziwiri. Yoyamba, elekitironi imachoka kumanzere, n'kudutsa kachigawo ka pakati, n'kukafika kumanja. Yachiwiri, elekitironi imodzi yochokera kumanzere ndi ina yochokera kumanja zimakumana pakati n'kulowa mu aluminiyamu ngati banja, kapena banja limapasuka, wina kupita uku, wina uko. Njira ziwirizi zikafanana mphamvu ndendende, manja amagwirana monga Kitaev ananenera, ndipo Majorana mmodzi amatsala pa kadontho ka kumanzere, wina pa ka kumanja. Chondisangalatsa ndi chimene amagwiritsa ntchito pofananitsa njirazo: Andreev bound state ya m'kachigawo ka pakati, yomwe ija inkanamiza anthu. Geti ya pansi pake ikasinthidwa, imachulukitsa njira imodzi n'kuchepetsa inayo mpaka zitakumana.

Pali kuyesa kosavuta kumene kumasiyanitsa zimenezi ndi kansonga kangozi. Ukasuntha mphamvu ya kadontho kamodzi, kansonga sikachoka pa ziro. Ukasuntha tonse tiwiri, kamagawika. Ndi mmene masamu ananenera, ndipo ndi mmene anaonera. Komabe Leijnse ndi Flensberg sanabise kuchepa kwake: anawatcha ma Majorana a munthu wosauka. Mzere wa anthu awiri ulibe pakati. Chitetezo chake chimagwira pa malo amodzi okha a mageti, ndipo njira ziwiri zija zikasiyana pang'ono chimatha. Chimakula mzere ukamatalika, ndiye chifukwa chake pofika 2025 ku Delft anali atalumikiza timadontho titatu. Mtengo wake ndi mageti: kadontho kalikonse kowonjezera kamabwera ndi ake, ndipo onse ayenera kukonzedwa pamodzi.

Kampani ya Microsoft yakakamirabe pa waya wautali, koma nayonso kadontho sinakasiye. Mu February 2025, pomwe inkalengeza chipangizo chake cha Majorana 1, inasindikiza mu Nature njira yowerengera qubit yotere. Amaika kadontho kotalika pambali pa waya, kolumikizidwa ku malekezero onse awiri, kupanga ngati lupu. Elekitironi imakhala ndi njira ziwiri zodzera, ndipo mafunde a njirazo amathandizana kapena kufafanizana malinga ndi kuti maelekitironi a m'wayamo ndi ogawika pawiri kapena pali wotsala. Zimenezi zimasintha pang'ono kuchuluka kwa magetsi amene kadonthoko kangasunge, ndipo ma microwave amazindikira kusinthako. Chimene anaona ndi mzere wodumphadumpha pakati pa misinkhu iwiri, kukhala pa umodzi kupitirira millisecond imodzi usanasinthe, ndipo pa kuwerenga 100 kulikonse ankalakwitsa pafupifupi kamodzi. Kudumphako kumachitika elekitironi yosochera, yopanda mnzake, ikalowa m'wayamo n'kusintha chiwerengero, vuto limene topology singaliletse. Ndi muyeso waluso ndithu. Koma akonzi a magaziniyo analemba kuti zotsatirazo si umboni woti m'zipangizomo muli ma Majorana, popeza Andreev bound state wamba wokhala pafupi ndi ziro akhozanso kuonetsa zofanana.

Kuyesa kumene kompyuta ya mtunduwu ikudalira n'kwina, ndipo amakutcha kuluka. Ukakhala ndi ma Majorana angapo n'kuwasinthanitsa malo, zotsatira zake zimadalira amene wayamba kusinthidwa. Kusinthanitsa woyamba ndi wachiwiri, kenako wachiwiri ndi wachitatu, kumapereka yankho losiyana ndi kuyamba ndi awiri omalizawo, monga zingwe zitatu zimalukikira mosiyana ukasintha dongosolo. Pa waya umodzi wowongoka ma Majorana sangapitirirane, choncho pamafunika mphambano yooneka ngati T, kapena miyeso yotsatizana yodzera pa timadontho ngati kaja ka Microsoft, imene imachita ntchito ya kusinthanitsa popanda kusuntha kanthu. Mpaka pano palibe gulu limene lasonyeza kuluka kumeneku, kaya pa waya wautali kapena pa mzere wa timadontho.